Tikambirane za M'banja: Chovala Chosafunditsa Thupi

Mwezi uno tikambirana nkhani imene kwa ife achikulire ingaoneke ngati yachibwana, koma imene yalowa kale m'nyumba zathu ndipo yayamba kugwira m'matumba mwathu. Aliyense woyenda madzulo m'tinjira ta muno mu Mtendere, kuchokera kumsika kulowera cha ku Kalingalinga, amaona timagulu ta anyamata titakhala pa njerwa kapena pakhonde la kantemba, mitu itagundana pa foni imodzi. Kale timagulu totere tinkazungulira nsolo kapena mpira wa mapepala. Lero tikuzungulira masewera a pa intaneti. Ndipo pakati pa madandaulo amene makolo akumva masiku ano pali lina lachilendo: mwana amene wadya, wasamba ndi kuvala bwino, akulira kuti alibe chovala. Chimene akulirira ndi chovala cha kamunthu kamene kamamuimira m'masewera.

Funso lathu tsono ndi ili: kodi n'koyenera kuti zokongoletsa za m'masewerawa zizisungidwira okhawo amene amalipira mwezi ndi mwezi? Funsoli limakambidwa kwambiri m'maiko olemera kumene masewerawa amapangidwa, koma yankho lake limafika mpaka m'komboni, kwa mayi wogulitsa tomato amene mwana wake amabwereka foni madzulo.

Kodi chovalachi n'chiyani?

Kuti timvane bwino, tiyambe tafotokozera agogo ndi makolo amene sanagwirepo masewera otere. M'masewera monga Free Fire, PUBG Mobile ndi Fortnite, wosewera aliyense amakhala ndi kamunthu ka pa chithunzi kamene amakayendetsa ndi zala. Osewera 50 mu Free Fire, kapena 100 mu PUBG Mobile, amatsitsidwa pamalo amodzi ndi kulimbana mpaka atatsala munthu mmodzi kapena gulu limodzi. Wina ali ku Matero, wina ku Lilongwe, wina ku Nairobi, koma onse akuonana pa galasi la foni. Free Fire, imene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017, inafala msanga m'madera onga athu chifukwa imaseweredwa ngakhale pa mafoni otchipa.

Kulowa m'masewerawa n'kwaulere, malinga munthu ali ndi foni ndi bandulo ya intaneti. Koma kamunthu ka wolowa mwaulere kamavala zovala wamba, zofanana ndi za aliyense wongoyamba kumene. Wofuna jekete yonyezimira, chisoti, nsapato zapadera, mfuti yopakidwa utoto, kapena kavinidwe kovina akapambana, kawirikawiri ayenera kugula. Zinthu zimenezi ana amazitcha ma skin. Sizigulidwa ndi kwacha mwachindunji ayi. Poyamba munthu amasinthanitsa ndalama zenizeni ndi ndalama ya m'masewera momwemo: madayamondi mu Free Fire, UC mu PUBG Mobile, V-Bucks mu Fortnite, Robux mu Roblox. Ndi ndalama yachilendoyo ndiye amagulira chovala.

Malonda amenewa sanayambe dzulo. Mu 2006 kampani ya Bethesda ya ku America inagulitsa chovala cha kavalo wa m'masewera otchedwa Oblivion pa mtengo wa madola awiri ndi theka. Anthu ambiri anaseka, nati ndani angatayire ndalama pa chovala cha kavalo wa pa chithunzi. Koma ogula anapezeka, ndipo makampani ena anaona kuti apa pali munda wachonde. Kenaka kunabwera njira yolipira mwezi ndi mwezi, monga momwe timalipirira GOtv kapena DStv. Mu Disembala 2020 kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inayambitsa Fortnite Crew: wolembetsa ankalipira madola 11.99 pamwezi ndi kulandira, mwa zina, chovala chapadera cha olembetsa okha. Free Fire nayo ili ndi umembala wa pa sabata ndi wa pamwezi. Apa ndiye pagona nkhani yathu.

Timve mbali ya eni masewera

Mlandu suweruzidwa munthu atamva mbali imodzi. Eni masewerawa ali ndi antchito ambiri, ojambula, olemba mapulogalamu a kompyuta ndi osamalira makina akuluakulu amene amayaka usana ndi usiku kuti osewera a m'maiko osiyanasiyana akumane. Onsewa amafuna malipiro, ndipo wantchito ayenera kulandira mphotho yake. Ndalama zimenezi ziyenera kuchokera penapake.

Njira zopezera ndalamazi n'zitatu. Yoyamba ndiyo kulipiritsa pakhomo: wopanda ndalama asalowe. Ndi mmene amachitira masewera ambiri a PlayStation, amene atsopano ake amagulidwa madola 60 kapena 70. N'chifukwa chake ana a m'komboni amangowasewera m'timashopu ta magemu, kulipira pa mpikisano uliwonse. Njira yachiwiri ndiyo kugulitsa mphamvu: wolipira akhale ndi zida zoposa za anzake ndipo azipambana. Tangoganizani mpira umene timu yolemera ikanaloledwa kugula chigoli chimodzi masewera asanayambe. Ndani akanapita ku bwalo kukaonerera? Njira yachitatu ndiyo kugulitsa maonekedwe okha: onse alowe mwaulere, onse alimbane ndi mphamvu zofanana, koma wofuna kukongola alipire.

Tikaika njira zitatuzi pa sikelo, yachitatu ndiyo yachifundo kwa wosauka. Mnyamata wa ku Chawama wopanda ngwee angathe kugonjetsa mwana wa munthu wolemera wa ku Dubai ngati zala zake zili zochenjera. Ndiponso tivomereze kuti ochuluka amasewera mwaulere chifukwa ochepa akulipira. Wogula chovala chonyezimira uja, mosadziwa, walipirira khomo la anzake. Choncho sitinganene kuti kugulitsa zokongoletsa ndi tchimo mwa iko kokha.

Komabe malire a pakati pa kukongola ndi mphamvu sasungidwa nthawi zonse. Eni Fortnite amanena poyera kuti zovala zao sizipatsa munthu mwayi wopambana. Koma mu Free Fire muli zokongoletsa zina za mfuti zimene zimabwera ndi mphamvu yoonjezera, monga kuombera mofulumirirapo. Pamenepo chimene chikutchedwa chokongoletsa chasanduka chigoli chogula chija.

Chovala chimalankhula

Eni masewera amakonda kunena kuti awa ndi maonekedwe chabe, palibe amene akulandidwa kanthu. Mawu akuti chabe amenewa ndiwo tikufuna kuwayang'anitsitsa, pakuti ife anthu a muno timadziwa bwino kuti chovala chimalankhula. Mayi sapita ku ukwati kapena ku maliro ndi chitenje chilichonse chimene wapeza. Bambo wofuna ntchito amabwereka jekete. Amayi a mabungwe a mu mpingo amadziwika ndi yunifolomu yao asanatsegule pakamwa.

Mayi wina wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, anayamba kufufuza za moyo wa mabanja a muno mu Mtendere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2000 anatulutsa buku lonena za salaula. Chimene anaonetsa ife tikuchidziwa kale: kwa anthu a mu Zambia kuvala bwino ndi nkhani ya ulemu, ndipo salaula inakondedwa chifukwa inapatsa munthu wopeza movutikira mwayi wosankha chomukomera ndi kuoneka bwino pakati pa anzake. Pa mulu wa zovala ku Soweto Market, wa makwacha ochepa amathanso kutola shati yabwino ngati ali ndi diso ndi kuleza mtima. Khomo la kukongola silinatsekedwe kwa iye.

Boma nalo linazindikira mphamvu ya chovala pa mwana. Mu 2002, boma la a Levy Mwanawasa polengeza maphunziro aulere kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7, linanenanso kuti mwana asabwezedwe kusukulu chifukwa chosowa yunifolomu. Nayonso yunifolomuyo cholinga chake n'chakuti mwana wa kalaliki ndi mwana wa wogulitsa makala aoneke ofanana pa benchi imodzi.

Tsono bwalo losewerera la ana athu lasamukira pa foni, ndipo kusankhana kwa zovala kwasamukira komweko. Mu Okutobala 2019, mkulu woyang'anira za ufulu wa ana ku England, mayi Anne Longfield, anatulutsa lipoti atacheza ndi ana osewera masewerawa. Ana ena anafotokoza kuti wosewera Fortnite ndi chovala chaulere amanyozedwa ndi anzake ndi kuonedwa ngati wosauka kapena wosadziwa kusewera, kotero kuti amakakamizika kugula kuti asasekedwe. Ngati izi zimachitika ku England, kuli bwanji kwa mwana wa ku George kapena ku Kanyama, amene umphawi amauona kale pa nsapato zake, pa denga la nyumba yao ndi m'mbale yake? Malo amodzi amene ankayesa kuti onse ndi ofanana ayambanso kumukumbutsa kuti iye ndi wapansi.

Mtumwi Yakobe, m'mutu wachiwiri wa kalata yake, anadzudzula akhristu amene ankapatsa mpando wabwino munthu wovala zokongola ndi kusiya wausiwa ali chiimire. Chimene ankatsutsa ndi mtima woyeza munthu ndi nsalu. Masewera amene amaika chizindikiro choonekera kwa onse chakuti uyu walipira, uyu sanalipire, amaphunzitsa ana mtima womwewo tsiku ndi tsiku, ndipo amauphunzitsa mwakachetechete, makolo ali kuntchito.

Mtengo wake m'makwacha

Mitengo ya zinthu zimenezi imakonzedwa ndi anthu a m'maiko amene madola khumi ndi awiri ndi ndalama ya chakudya chamasana. Tiyeni tiitembenuze ikhale yathu. Kumapeto kwa 2024 dola imodzi inkagulidwa makwacha oposa 27. Ndiye kuti madola 11.99 aja anali makwacha opitirira 320. M'miyezi yomweyo, chilala chitawononga chimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza za tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, thumba la ufa wa breakfast la makilogalamu 25 linkagulidwa makwacha oposa 300. Kunena kwina, chovala chimodzi cha pa chithunzi pamwezi chinali pa mtengo umodzi ndi nsima ya banja.

N'zoona kuti umembala wa masewera a pa mafoni otchipa ndi wotsikirapo mtengo, ndipo madayamondi amagulitsidwa pang'onopang'ono, monga momwe timagulira ufa wa pamela kapena mafuta ophikira a m'kabotolo. Koma amayi onse amadziwa kuti wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri pakutha pa mwezi. Ndipo ndalama ya m'masewera ija inapangidwa mwanzeru: mwana akaona kuti jekete ndi madayamondi akutiakuti, saona makwacha. Mtima suwawa potaya madayamondi monga umawawira potulutsa ndalama ya pepala. Kawirikawiri mukagula chinthu pamatsala madayamondi ochepa osakwanira kugula china, ndipo otsalawo ndiwo amaitana munthu kuti akaonjezere.

Kulipira mwezi ndi mwezi kuli ndi mbedza yakeyake. Chovala cha mwezi uno chimabwera ndi uthenga wakuti mwezi ukatha mwayi wapita, motero mwana amaopa kuphonya. Mwezi wamawa kwabwera china. Chimene anagula Januwale chaoneka chakale pofika Malichi. Njala yotere siikhuta, chifukwa anaikonza kuti isakhute. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisaiwalenso kuti chovalachi sichitulukamo m'masewera. Shati ya salaula ikachepa imapita kwa mng'ono wake, ikatha imasanduka chokolopera. Chovala cha pa foni chimatha tsiku limene akaunti yabedwa kapena yatsekedwa, kapena pamene kampani yaleka masewerawo.

Nanga ndalama zake ana amazipeza kuti? Ambiri alibe makhadi a kubanki, choncho amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo kwa anthu ogulitsa madayamondi, amene amawaikira m'masewera. Ena amasunga ya chakudya cha kusukulu. Ena amagwira maganyu. Koma enanso anaona nambala yachinsinsi ya amayi ao tsiku lina pa kanyumba ka mobile money, ndipo mayesero akafika amagwa. Pamenepo nkhani yachibwana ija yabala kuba, bodza ndi kusakhulupirirana m'nyumba. Palinso akathyali amene amalonjeza ana madayamondi aulere kuti awauze manambala achinsinsi, mapeto ake n'kuwabera.

Pamene malonda asanduka msampha

Pali njira ina yogulitsira zokongoletsa imene ndi yoopsa kuposa zonse. M'malo moti mwana agule chovala chimene wachiona pa mtengo wodziwika, amalipira kuti atsegule bokosi kapena azungulitse gudumu, osadziwa chimene chituluke. Kawirikawiri chimatuluka chinthu chachabechabe. Chimene akufunacho chimatuluka mwa apo ndi apo, motero amayesanso, nayesanso. Ife a m'makomboni sitifunika kuuzidwa dzina la mchitidwe umenewu. Makina a bonanza amene amapezeka m'timabala ndi m'timashopu amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo taona malipiro a mwezi wathunthu akumezedwa ndi makina amenewo. Kusiyana kwake n'kwakuti bonanza amakhala pamalo poonekera, pamene bokosi ili lili m'thumba la mwana, ndipo amalitsegula ali pamphasa usiku.

Maiko ena anachitapo kanthu. Mu 2018 bungwe loyang'anira za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira otere ndi juga, ndipo makampani angapo anawachotsa m'dzikomo. Mu Disembala 2022 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Epic Games kuti kampaniyo ilipire madola 520 miliyoni: 275 miliyoni chifukwa chophwanya lamulo loteteza zinsinsi za ana, ndi 245 miliyoni zobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mosafuna, chifukwa mabatani anaikidwa mwa njira yoti munthu angagule mwangozi ndiponso ana ankatha kugula makolo osadziwa. Nalonso bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2019, linaika kusewera kosadziletsa pa mndandanda wa matenda, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Sikuti mwana aliyense wosewera ndi wodwala, kutalitali. Koma zimenezi zikutionetsa kuti nkhaniyi akuluakulu a maiko saitenga ngati yachibwana.

Maganizo athu

Titamva mbali zonse, yankho lathu ndi lakuti ayi: zokongoletsa za m'masewera zisakhale za olipira okha. Wolipira alandire chimene walipirira, zimenezo n'zachilungamo. Koma khomo la kukongola lisatsekedwe kotheratu kwa wosalipira.

Tikumbuke magalimoto a waya amene ambiri a ife tinakula nawo. Mnyamata ankatola waya, zitsekerero za mabotolo ndi timapepala tonyezimira, n'kukhala tsiku lonse akupinda. Galimoto yake ikatuluka yokongola kuposa ya anzake, onse ankadziwa kuti ndi luso ndi khama lake. Kukongola kumeneko kunkaphunzitsa mwana kanthu kabwino, kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Masewera a pa foni angathenso kuphunzitsa chimodzimodzi, ndipo ena amayesa kutero pomapereka zovala zina kwa amene wamaliza ntchito zovuta m'masewera. Chovala chopeza ndi thukuta chimanena kuti mwini wake ndi katswiri. Chovala chogula chimangonena kuti kwao kuli ndalama, kapena kuti ndalama ya ndiwo yasowa.

Choncho kwa eni masewera tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, zokongoletsa zabwino ndithu, osati nyenyeswa zokha, zizipezeka kwa wosewera mwakhama ngakhale sanalipire. Chachiwiri, chinthu chotchedwa chokongoletsa chisabise mphamvu yopambanitsa. Chachitatu, chogulitsidwa chikhale ndi mtengo woonekera m'ndalama zenizeni, ndipo mabokosi ndi magudumu a mwayi asaikidwe pamaso pa ana. Chachinayi, kusiya kulipira kukhale kosavuta monga kuyamba, ndipo ndalama isachoke popanda chilolezo cha kholo.

Wina anganene kuti makampani a ku Singapore ndi ku America sadzamva mawu ochokera ku Mtendere. Mwina n'zoona. Koma ku Belgium ndi ku America anamva pamene maboma analankhula, ndipo maboma analankhula chifukwa anthu anadandaula. Nafenso tili ndi mabungwe athu: ZICTA imene imayang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi Competition and Consumer Protection Commission imene imateteza ogula. Tilinso ndi lamulo loteteza ana la Children's Code Act la mu 2022. Aphungu athu ndi makhansala ayenera kumva kuchokera kwa ife kuti juga yovala nkhope ya masewera a ana ndi nkhani yofunika kuiyang'ana.

Mawu kwa makolo ndi kwa ana

Pamene tikudikira a kutali, ntchito yaikulu ili pakhomo pathu. Kulanda foni ndi kukalipa ndiyo njira yachidule, koma mwana amangopita kukasewera kwa mnzake, ndipo chimene tapindula ndi chakuti wasiya kutiuza. Ndi bwino bambo kapena mayi akhale pansi, amufunse mwana kuti amuonetse masewerawo, kamunthu kake, ndi chovala chimene akuchisirira. Mwana amene waona kuti kholo lake lamvetsa amamvanso msanga.

Mukatero werengerani naye limodzi. Madayamondi awa ndi makwacha angati? Makwacha amenewo ndi mabuku angati a sukulu, ndi ulendo ungati wa basi wopita m'tauni, ndi masiku angati a makala? Mwana wa Giredi 6 angathe kuchita samu imeneyi yekha, ndipo akaichita yekha imakhazikika. Ngati ali ndi kandalama kake kamene wasunga moona mtima ndipo waumirira, nthawi zina nzeru ya makolo akale imathandiza: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Agule kamodzi, ndipo patapita mwezi mumufunse ngati chovala chija chikumusangalatsabe. Koma nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni ikhale ya kholo lokha, ndipo khadi la kubanki lisasiyidwe lolumikizidwa ku foni imene ana amaseweretsa. Mafoni ambiri ali ndi malo oikira chiletso kuti chinthu chisagulidwe popanda nambala yachinsinsi. Amene sadziwa kuikako afunse wachinyamata wodalirika wa mu mphakati.

Ndipo inu ana athu, amene mwina ndinu mukuwerengera agogo tsamba lino, tamverani. Sitikudana ndi masewera anu. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025, ankakonda makompyuta ndi masewera a PlayStation monga inu nomwe. Amayi ake amasimba kuti anadziikira yekha malire a nthawi yosewera, pafupifupi ola limodzi pa sabata, chifukwa sankafuna kukhala kapolo wa chinthu chimene chinapangidwa kuti chimusangalatse. Amasimbanso kuti ngakhale kwao kunali kopeza bwino, sankafuna kugulidwa nsapato zina pamene anali nazo kale zabwino. Sitikunena kuti nonse muwerenge ola limodzi, koma funso lake mulitenge: kodi ndine ndikusewera masewerawa, kapena masewerawa ndiwo akundiseweretsa?

Inu amene muli ndi chovala chonyezimira, musaseke mnzanu wovala chaulere, pakuti simudziwa chimene amayi ake anasankha kugula m'malo mwake. Ndipo inu ovala chaulere, musachite manyazi. Chovala chimenecho chikunena kuti simunabe ndalama ya munthu ndipo kwanu nsima inaphikidwa. Mukapambana mutavala chomwecho, ulemu wake ndi wanu wonse.

Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mabanja a mumsewu umodzi akagwirizana kuti ana ao sadzagula zinthu zimenezi popanda kufunsa, chitonzo chija chimatha mphamvu, chifukwa palibe wotsala yekha. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, m'magulu a achinyamata ndi m'miphakati yathu.

Mafunso okambirana m'banja ndi mu mphakati

1. Kodi tikudziwa maina a masewera amene ana athu amasewera, ndi ndalama zimene zinapita m'menemo mwezi wathawu?

2. Kodi ife akuluakulu timawaonetsa chitsanzo chotani pa nkhani ya zovala, mafoni ndi kufuna kuoneka pamaso pa anthu?

3. Kodi m'dera lathu muli malo otani kumene mwana angatamandidwe chifukwa cha luso lake, monga mpira, kwaya, zisudzo kapena ntchito zamanja, popanda kulipira? Ngati palibe, tingayambitse chiyani?

Tilembereni maganizo anu, makamaka inu achinyamata amene mukuzidziwa bwino zinthuzi kuposa ife. Mpaka mwezi wamawa, mtendere ukhale m'mabanja mwanu.